Bwenzi Langa la M'makalata

Munthu amene ndifuna kukusimbirani mbiri yake sindinaonane naye maso ndi maso. Sindinagwirepo dzanja lake, sitinadyerepo m'mbale imodzi, ndipo tikadakomana pa msika wa ku Linthipe ndikadampitirira ngati mlendo wina aliyense. Koma kwa zaka 22 iye anali bwenzi langa, ndipo mwa anthu amene ndakhala nao khomo ndi khomo moyo wanga wonse, ndi ochepa amene anandidziwa monga anandidziwira iyeyo. Dzina lake sindililemba muno, pakuti ana ake alipo, ndiponso mwiniwake sankakonda kutchulidwa. Anthu a kumene ankakhala ankangoti a Telala, chifukwa cha ntchito yao yosoka. Inenso ndiwatchula chomwecho, ndipo kuyambira pano ndiwapatsa ulemu wao, popeza anali aakulu kwa ine ndi zaka 25.

Chiyambi cha ubwenzi wathu ndi atsibweni anga, mlongo wao wa amai anga. Inu amene mwabadwa posachedwapa simungamvetse msanga kuchuluka kwake kwa amuna amene ankachoka m'midzi mwathu masiku a Chitaganya, ndiko kuyambira 1953 kufikira 1963, ngakhalenso kale Chitaganyacho chisanabwere. Msonkho unkafuna ndalama, nsalu inkafuna ndalama, koma ndalamayo m'mudzi munalibe. Tsono ena ankalembedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Johannesburg. Ena ankalembedwa ndi Mthandizi kunka ku minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia. Ndipo ena ankangonyamuka okha, amene tinkati apita pa selefu, nadutsa dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi ku Tete. Ambiri ankabwerako zitapita zaka ziwiri kapena zitatu, ali ndi njinga, bulangete ndi sutikesi. Koma analipo ena amene njira yobwerera inawasokonekera, ndiwo amene tinkawatcha matchona. Atsibweni anga ananyamuka mu 1956, ine ndisanabadwe. Anatumiza makalata awiri m'zaka zoyamba, kenaka kunangoti zii.

Kwa ife Achewa kutchona kwa mtsibweni sikuli chinthu chaching'ono, pakuti iye ndiye mwini mbumba. Ndiye nkhoswe ya maukwati a alongo ake ndi ana ao, ndiye amakamba mlandu mwana akalakwa, ndiye amaima pa maliro. Amai anga analibe mlongo wina wa bere limodzi, kotero kuti milandu yathu yonse inkakambidwa ndi anthu obwereka. Ndikumbukira ndili mwana kuti akamva kuti kwa akutiakuti kwafika munthu wochokera ku Halale, monga ankatchulira akuluakulu, ankasiya mtondo nathamangirako kukafunsa. Ndipo nthawi zonse ankabwerako ali chete.

M'chaka cha 1986, ine ndili mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale m'boma la Dedza, abusa a mpingo wa kwathu anandiitana nandipatsa envulopu ya sitampa ya Zimbabwe. Inalembedwa kwa abusawo, kuwapempha kuti afunefune mai wakutiwakuti wa m'mudzi wakutiwakuti, ngati akali ndi moyo. M'kati mwake munali mau a atsibweni anga. Anali moyo, ankakhala ku Highfield mu mzinda wa Harare, ankafunsa mlongo wao, ankafunsa ngati mkuyu wa pa bwalo ukalipo, natchula maina a anthu oposa khumi, amene mwa iwo atatu okha ndiwo anali asanamwalire. Pansi pake panali mzere wolekanitsa, ndipo kunsi kwa mzerewo dzanja lomwelo linalemba kuti, "Ine ndine mlembi chabe. Mukamayankha musaumire nkhani. Lembani ngakhale za mbuzi ndi nkhuku, pakuti mkuluyu adzafuna kuti ndimwerengere kawiri ndi katatu."

Amai anali osadziwa kulemba, monganso atsibweniwo, choncho ine ndinakhala mlembi wa tsidya lino ndipo a Telala mlembi wa tsidya lija. Kalata iliyonse inali ndi zipinda ziwiri: pamwamba pa mzere ankalankhulana mlongo ndi mlongo wake, pansi pa mzere tinkapatsana moni alembi awirife. Poyamba chipinda chapansicho chinali cha mizere iwiri. Koma nkhalamba zikafunsana za moyo, za mvula ndi za maliro, nkhani zao zinkatha, pamene zathu zinkangochuluka. Ndipo pofika chaka chachitatu a Telala ankachita kuonjezera pepala lina la iwo okha.

M'mapepala amenewo ndimo ndinawadziwira. Anabadwira cha ku Dowa, naphunzira pang'ono pa sukulu ya mishoni, nachoka pa selefu ali mnyamata mu 1951. Anayamba ndi kuthyola fodya pa famu ina kufupi ndi Marandellas, kumene lero akuti Marondera. Pambuyo pake analowa mu Salisbury, ndiye Harare wa lero, naphunzira kusoka kwa telala wina wa pa khonde la sitolo, nasunga makobidi kufikira anagula makina ao a Singer, opalasa ndi mwendo, amene anasokera moyo wao wonse. Anakwatira mkazi wa Chishona, nabereka naye ana asanu. Eni dziko ankatcha anthu a kwathu Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthuyo akhale wa ku Dowa kapena wa ku Karonga amene ku Blantyre sanapondeko. Ndipo a Telala ankaseka nalo dzinali, nati iwo Blantyre anamdziwira ku Harare.

Anali mkulu wa mpingo wa CCAP. Owerenga ena adzadabwa kumva kuti mpingowu uli ku Zimbabwe, koma unangotsata anthu ake. Mu 1912 mishoni ya a Dutch Reformed ya kwathu kuno inatuma mbusa T.C.B. Vlok, mmodzi wa awiri amene anayamba ntchito pa Mvera mu 1889, kuti akakhale ku Salisbury ndi kuweta anthu a ku Nyasaland amene ankagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a Azungu. Ndipo mu 1965 mipingo ya kumeneko inakhala sinodi payokha. Ankapemphera m'chinenero chathu, kuwerenga Buku Lopatulika lomwe lija la 1922, ndi kuimba nyimbo zomwe timaimba kuno. Nchifukwa chake chilankhulo cha a Telala chinali chokoma mwachilendo. Iwo ankachitchabe Chinyanja, pakuti dzina la Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968 iwo atachoka kale. Ankalemba c pamene ife tilemba ch. Ndipo mau ena amene kuno anafa pamodzi ndi agogo athu, kwa iwo anali amoyo, ngati mbeu yakale ya chimanga imene yasungika m'nkhokwe ya munthu wa kutali. Ine mphunzitsi wonyadira maphunziro ndinkatola mau kwa telala wa Sitandade 3.

Za kupembedza kwao ndinene mosamala, pakuti ndaona anthu ambiri amene kupembedza kwao kumalemetsa anzao ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. A Telala sankalalikira m'kalata. Pa ngodya ya pansi ankangolemba dzina la buku ndi mutu wake, osakopera mau ake ngakhale amodzi, kuti ukafuna kudziwa chimene akunena udzitsegulire wekha. Msampha umenewu unandikola kangapo. Masiku amenewo ndinali wodulidwa mu mpingo chifukwa cha mowa, ndipo Buku langa linali pansi pa sutikesi. Koma chidwi n'chinthu chovuta, ndinkangopezeka ndalitulutsa. Za kudulidwa kwangako ndinawauza ndekha, kuyesa kuti aleka kundilembera. Iwo anayankha kuti ali ndi kope limene amalembamo maina a anthu owapempherera, tsiku lililonse la sabata ndi anthu ake, ndi kuti ine andiika Lachinai. Kamodzi pa chaka, nyengo ya Pasaka, ankafunsa funso limodzi lokha, "Kodi mphwanga mukali panja?" Ndikayankha kuti inde, chaka chimenecho sankabwerezanso.

Sindinena kuti anali munthu wopanda makani. Pa zinthu zina anali ouma ngati muwanga. Gule wamkulu, amene anthu a kwathu anapita naye m'mafamu ndi m'migodi ya kumeneko, iwo sankafuna n'kumva komwe. Ndipo pamene ndinawalembera kuti gule ndi mwambo wa makolo woyenera kusungidwa, anandiyankha masamba atatu a mau olimba. Tinatsutsana pa chimenechi zaka zambiri osagwirizana. Koma ndatchula ichi ndi cholinga, ndipo owerenga achisunge: atsibweni anga anali munthu wa kudambwe, sanabatizidwe, ndipo sanalowepo m'tchalitchi kufikira imfa yao.

Kawiri pa chaka kunkabwera phukusi. Inali nyengo ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene magalimoto ankadutsa njira ya ku Tete pa mdipiti, operekezedwa ndi asilikali kuchokera ku Nyamapanda kufika ku Zobue, ndipo ena oopa ankazungulira ku Lusaka ndi ku Chipata. Choncho phukusi linkayenda m'manja ambiri, mwina miyezi iwiri, lisanatipeze. M'kati munkakhala diresi la amai, makabudula a ana, nthawi zina ndalama pang'ono zosokerera m'mpendero, ndi kapepala konena kuti izi zachokera kwa atsibweni anu. Amai ankavala diresilo kunka nalo ku maliro ndi ku maukwati, kuti onse aone kuti mlongo wao sanawataye. Koma usiku ankadandaula, nati, munthu wa chuma chotere alekeranji kubwera kudzaona manda a amake? Ine ndinaona ndithu kuti makabudula aja anali olumikiza nsalu za mitundu iwiri kapena itatu, koma sindinaganizepo kanthu.

Atsibweni anamwalira mu Julayi 1991, ndipo kalata inatipeza patatha milungu itatu, iwo ataikidwa kale ku manda a Warren Hills. Pa ngodya panalembedwa Genesis 23, pamene pali nkhani ya Abrahamu, mlendo m'dziko la eni, akugula malo oikapo mkazi wake. Patapita mwezi kunabwera phukusi la katundu wa malemu: jekete lakutha m'zigongono, chipewa, lumo lometera ndi ndodo. Basi.

Abale anasonkhana pa khonde la amai. Anafunsana kuti, munthu wokhala ku dziko la ndalama zaka 35, wotumiza madiresi chaka ndi chaka, angasiye jekete limodzi? Nyumba yake ili kuti? Nanga njinga, wailesi, buku la ku positi ofesi? Panalibe wina woti n'kumloza chala koma mlembi uja, amene makalata onse ankadzera m'manja mwake. Ndikadakonda kulemba kuti ine ndinawakaniza, popeza ndine ndinkamdziwa munthuyo, koma sindinatero. Mau a anthu ambiri amakokolola ngati madzi osefukira, ndipo kunena zoona inenso ndinali nditawerengera kale kuti pa chuma cha atsibweni padzapezeka malata a nyumba yanga, popeza mwa mwambo wathu wolowa m'malo mwa mtsibweni ndi mwana wa mlongo wake. Ndinatenga cholembera. Ndinalemba masamba awiri m'Chichewa chosankha, chonga cha munthu woweruza mlandu. Zambiri ndaiwala, koma mau amodzi sindingawaiwale: ndinati iwo ndi khwangwala, woyera pakhosi pokha.

Yankho linabwera mu Novembala, ndipo linali lalifupi. Anati kalata yanga alandira, ndipo aona kuti yalembedwa ndi mtima wowawa. Anati nkwabwino kuti mkulu uja ali nao abale okwiyira anthu chifukwa cha iye, pakuti matchona ambiri amaikidwa popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa za jekete lao. Kenaka analongosola za maliro. Bokosi linagulidwa ndi sosaite ya maliro ya anthu a kwathu, imene iwo ankasonkhako mwezi ndi mwezi. Ku manda kunali anthu 9. Abusa sakadatha kuyendetsa mwambo wa Chikhristu pa munthu wosabatizidwa, choncho iwo anapemphera okha. Ndipo anakhoma kachitsulo kolembapo dzina ndi mudzi, kuti tsiku lina wa kumudzi akadzabwera asadzasokere. Za chuma sanatchule kanthu, kudzikanira kapena kutitsutsa. Anatsiriza ndi kufunsa ngati chifuwa cha mwana wanga wamwamuna chinaleka.

Ine ndinayesa kuti kufatsa kumeneku ndiko kuchenjera kwa mbala, ndipo sindinayankhe. Zaka ziwiri ndinakhala chete. Iwo ankalembabe pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ndipo m'chaka cha chilala cha 1992, pamene tinkadya chimanga chachikasu cha thandizo, anatumiza malaya a sukulu a mwana uja. Ndinafuna kuwabweza, koma amake mwanayo anati mwana alibe mlandu, namveka.

Mu Okutobala 1992 a Frelimo ndi a Renamo anasaina pangano la mtendere ku Rome. Njira ya ku Tete inayamba kuyendeka, ndipo anthu othawa nkhondo amene anadzaza m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu anayamba kubwerera kwao. Matchona ena naonso anapeza mpata. Chakumapeto kwa 1993 kunafika nkhalamba ina ya m'mudzi woyandikana ndi wathu, imene inakhala ku Harare zaka 40, ndipo amai, mwa chizolowezi chao chija, anaiitanitsa. Nkhalambayo itamva kuti tikufunsa za chuma cha malemu, inatiyang'ana nthawi yaitali ngati anthu amisala, ndipo inatiuza izi.

Atsibweni ankagwira ntchito ya m'maluwa pa nyumba ya Mzungu wina. Dziko litalandira ufulu mu 1980 Mzunguyo anasamukira ku South Africa, ndipo iwo anatsala opanda ntchito ndi opanda pogona, pakuti kanyumba kao kanali kuseri kwa nyumba ya bwanayo. Mkazi analibe, ana analibe. Anayendayenda m'maganyu kufikira ng'ala inawatseka maso onse awiri. A Telala anawapeza mu 1985 pa msika wa Mbare, pafupi ndi pokwerera mabasi, atakhala pansi, akutukwana ana amene anawalanda ndodo. Ndipo chimene chinaimitsa mkulu wa mpingoyo ndi matukwanowo, pakuti anali a Chichewa chenicheni cha ku Dedza. Anawatenga, nawaika m'kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba yao, momwe ankasokeramo, ndipo anakhalamo zaka 6. Wowaphikira ndi wowachapira zaka zonsezo anali mkazi wa a Telala, mai wa Chishona amene sanali mbale wathu kapena wa mtundu wathu. Ndipo ndichita manyazi kunena kuti m'makalata anga onse sindinawapatsepo moni woposa mzere umodzi. Akulu ena a mpingo ankang'ung'udza kuti mnzao asunga bwanji munthu wa zinyau, woimba nyimbo za kudambwe usiku. Titafunsa za madiresi ndi makabudula, nkhalambayo inaseka. Zinali zidutswa zotsala pa nsalu za anthu osoketsa, ndipo ndalama zija zinali za m'thumba la a Telala.

Usiku womwewo ndinalemba kalata yopepesa, ndipo mau ake sindiwakamba muno. Koma m'kalatamo ndinaikamonso funso, pakuti munthu wogwidwa ndi manyazi amafunafuna pogwira. Ndinati, inu munthu wa Mulungu, munalemba bwanji zaka zonsezi kuti izi zachokera kwa atsibweni, pamene zinkachokera kwa inu? Kodi limeneli si bodza? Anandiyankha motere: "Ndikatha kusoka ndinkapita nazo kwa mkuluyo ndi kuziika m'manja mwake, ndi kunena kuti, Akulu, izi ndakupatsani, ndi zanu. Iye ankazisisita, nafunsa maonekedwe ake, nati, Tumiza kwa mlongo wanga. Tsono zinkachoka kwa iye ndithu."

Yankho limeneli ndalitembenuza zaka zambiri. Ndi lokoma, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima mwao linali loona. Anafuna kuti munthu amene anataya zonse atsale ndi chinthu chimodzi, ndicho kukhala mlongo wopatsa. Koma sindinganene kuti linalibe mtengo wake, ndipo amene analipira mtengowo ndi amai anga. Pamene anamva kuti mlongo wao anali wakhungu ndi wosauka zaka zonse zimene iwo ankamdandaula kuti ndi wachuma wonyada, analira koposa mmene analirira pa uthenga wa maliro. Anati akadadziwa akadagulitsa mbuzi zonse ndi kutuma ine kukamtenga, kaya nkhondo kaya chiyani, kuti adzafere pa mphasa ya kwao. Mau amenewa ndinawalemba monga anawanenera, ndi kuwatumiza. Ndinkayembekeza kuti a Telala adzawazungulira ndi vesi, koma anavomera. Anati atsibweni anawalumbiritsa kuti asaulule, poopa manyazi a kubwerera kumudzi chimanjamanja. Anati anawachonderera kangapo osaphula kanthu. Ndipo anati tsopano aona kuti anasunga ulemu wa munthu mmodzi ndi kumana mnzake choonadi, ndi kuti pamenepo analakwa. Anapempha kuti ndiwawerengere amai mau ao opepesa, ine nditagwada m'malo mwao. Ndinagwada. Munthu amene ife tinamnamizira kuba ndiye anagwada pa khomo pathu, ngakhale ndi maondo obwereka.

Zaka zotsatira zinali za mtendere pakati pathu, ndipo nkhani zake nzambiri koma zazing'ono. Ndinabwezedwa mu mpingo mu 1996, popanda wondikakamiza. Funso la pa Pasaka lija ndilo linanditopetsa kuliyankha. Nditawauza, anangolemba kuti pa Lachinai sandichotsapo, pakuti a m'kati ndiwo afunika kuwapempherera koposa. Amai anamwalira mu 1997, ndipo kalata yondipepesa ya a Telala ndiyo ndinaisunga mwa makalata onse a maliro. Chaka ndi chaka ndinkalonjeza kuti tchuthi chikubwerachi ndidzafika, ndipo chaka ndi chaka kunkapezeka feteleza woti ndigule, fizi ya mwana, kapena maliro ena.

Tsono mavuto anatembenukira kwa iwo. Mu 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe linasinthidwa, ndipo anthu ambiri amene makolo ao anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ngakhale obadwira komweko, anapezeka kuti pa zitupa zao ndi alendo. A Telala, atakhala m'dzikomo zaka 50, anangolemba kuti iwo anadziwa kale kuti pansi pano ndi alendo, boma langochedwa kuzindikira. Mu Meyi 2005 kunabwera Murambatsvina, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika imene linati njosaloledwa, ndipo nthumwi ya United Nations inawerengera kuti anthu 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito. Kanyumba ka matabwa kaja kanagwa nao. Anachita kukaphwasula okha ndi manja ao, napulumutsa makina. Pofika 2008 ndalama ya dzikolo inali itasanduka masamba, kotero kuti pepala la madola 100 biliyoni silinkakwanira kugula buledi mmodzi. Anthu analeka kusoketsa zovala, ndipo sitampa inakhala chinthu cha anthu olemera.

Inali nthawi yanga tsono yotumiza phukusi. Ndinkapatsira anthu a pa basi mpunga, shuga, nyemba ndi usipa wouma. Kalata yothokoza itabwera, inalongosola mmene anagawira zinthuzo ku nyumba 7, ndi kutchula amasiye ndi nkhalamba zimene zinalandira. Ndinakwiya, ndipo ndinalemba kuti ine ndinatumizira iwo, osati Highfield yense. Anayankha kuti ndinaziika m'manja mwao, tsono zinali zao.

Mau a pakamwa pao ndinawamva kamodzi kokha, mu 2007, pa foni ya m'manja ya mwana wao. Anali mau aang'ono, onjenjemera, osayenerana ndi chimunthu chachikulu chimene ndinkachiona m'maganizo. Ife amene tinkadzaza masamba anai tinasowa chonena. Tinafunsana za mvula, ndipo mayunitsi anatha. Anamwalira mu Novembala 2008, nyengo imene matenda a kolera ankasesa anthu mu Harare, ngakhale iwo sanafe ndi kolera koma ndi ukalamba wothandizidwa ndi njala.

Ndinapita mu Ogasiti 2010. Ndinakwera basi m'mamawa, tinaoloka mlatho wa Zambezi ku Tete dzuwa lili paliwombo, tinachedwa pa chipata cha Nyamapanda, ndipo usiku womwewo ndinali mu Harare. Ulendo umene ndinauzengereza zaka zonse zija unali wa tsiku limodzi. Wondilandira anali mwana wao wachisamba, mai wa zidzukulu kale, amene Chichewa chake chinkatsimphina ndi Chishona. Anagwada nanditchula kuti bambo aang'ono, pakuti atate ake ankanditcha mphwao. Amake anali atamwalira chaka chapitacho, choncho moni uja amene ndinali naye ngongole sindinampereke. M'mawa mwake anandiperekeza ku manda a Granville kumene agona a Telala, ndi ku Warren Hills, kumene tinapeza kachitsulo kaja kali kadzimbiri koma kowerengeka: dzina la atsibweni, ndi dzina la mudzi wathu, lolembedwa ndi c m'malo mwa ch.

Madzulo anatulutsa katoni. Munali kope la mapemphero, lachinai kapena lachisanu pa makope otere, pakuti lina likatha ankakopera maina m'latsopano. Dzina langa linali pa Lachinai, pakati pa dzina la mai wina wodwala miyendo ndi mau akuti olamulira dziko. Munalinso makalata anga onse, a chaka chilichonse omangidwa paokha ndi kansalu. Ndinafunafuna mtolo wa 1991, mtima ukugunda, ndikuyembekeza kuti kalata ija anaiotcha. Inalipo. Koma masamba ake onse awiri anali odulidwa pakati ndi sizasi, mosamala, mokhota ngati mwezi wongokhala kumene, kotero kuti kunatsala moni wa pamwamba, dzina langa pansi, ndi timau ta m'mbali topanda mutu. Ndinaitembenuza kangapo osamvetsa. Mwana wao anaiyang'ana kamodzi naseka, nati imeneyo ndi kolala ya malaya a mwana wa sukulu. Atate ake ankayamba adula pa pepala asanadule nsalu, ndipo pepala lolimba sankalitaya. Pomwepo ndinakumbukira malaya aja a mu 1992. Ndinakumbukiranso kuti kalatayo sindinailembe pa pepala la m'kope monga makalata ena onse, koma ndinachita kukapempha kwa ahedi pepala lochindikala la mu ofesi, kuti mau anga akafike ndi ulemerero.